Kodi London unali mzinda waukulu padziko pamene ankamanga nsanja yake?

Funso lachokera kwa bambo wina wa ku Ntcheu, mphunzitsi wopuma ntchito. Iwo akuti: "Mwana wanga wamkazi ndi namwino ku England. Wanditumizira chithunzi pa WhatsApp ataima kutsogolo kwa chinyumba chamiyala chotchedwa Tower of London, ndipo akuti chatsala pang'ono kukwanitsa zaka 1,000. Pabawo tatsutsana ndi mnzanga. Ine ndikuti anthu amene anamanga chinthu chotere kale chonchija, ndiye kuti mzinda wawo unali waukulu kuposa yonse padziko. Mnzangayo akukana. Tiweruzeni. Nanga lero mzinda waukulu ndi uti?"

Bambo, pepani, ulendo uno mnzanuyo wakudyerani nkhomo.

Pamene maziko a nsanjayi ankakumbidwa, cha m'ma 1078, mu London munkakhala anthu osapitirira 15,000. Mutawatenga onse, ana ndi nkhalamba zomwe, n'kukawakhazika mu Bingu National Stadium ku Lilongwe, mipando yoposa theka ikanatsala yopanda munthu. Nyumba zambiri zinali zamitengo, zofolera ndi udzu, nkhumba zikufukula m'tinjira. Ku England kokhako unalidi mzinda waukulu, wopanda wina wolingana nawo. Koma wamalonda wa ku China kapena wa ku Egypt akanatsika padoko pamenepo akanayesa kuti wafika pamsika wa kumudzi.

Maganizo anuwo ndikuwamvetsa. Tikaona nyumba yaikulu timati mwini wake zinthu zili bwino. Koma nsanja iyi inamangidwa ndi munthu amene sankagona tulo.

Munthuyo ndi William, wolamulira chigawo cha Normandy kumpoto kwa France. Ku England anali mlendo, wolankhula Chifalansa. Mu 1066 anawoloka nyanja ndi asilikali ake, ndipo pa 14 Okutobala anagonjetsa mfumu ya Angelezi, Harold, pa nkhondo ya ku Hastings. Harold anafera pomwepo. Pa tsiku la Khirisimasi chaka chomwecho William anavekedwa ufumu m'tchalitchi cha Westminster Abbey, ndipo zimene zinachitika tsiku limenelo zimaulula zonse. Anthu a m'tchalitchimo atafunsidwa ngati akumulandira kukhala mfumu yawo, anafuula movomera, ena m'Chingelezi, ena m'Chifalansa. Alonda a ku Normandy amene anali panja atamva phokosolo anaganiza kuti zavuta, mbuye wawo amuukira, ndipo anayamba kuyatsa nyumba zoyandikana ndi tchalitchicho. Anthu anathamangira panja, ena kukazima moto, ena kukaba. Mwambo unamalizidwa ndi ansembe ochepa okha, utsi uli tolotolo, mfumu yatsopanoyo ikunjenjemera.

Atangovekedwa, William anachoka mu London kukakhala ku Barking, kum'mawa kwa mzindawo, podikira kuti amumangire malinga. Oyambirirawo anali a dothi ndi mitengo. Lamiyala linabwera patapita zaka khumi ndi kanthu. Malo anawasankha mochenjera: pangodya pa mpanda wakale umene Aroma anamanga cha m'ma 200, m'mbali mwa mtsinje wa Thames. Ngalawa iliyonse yochokera kunyanja inkaoneka kuchokera pamenepo, ndipo munthu aliyense wa mumzindamo akatukula maso ankaiona nsanjayo ikumuyang'ana.

Woyang'anira ntchitoyo anali Gundulf, bishopu wa ku Rochester, wodziwika pa luso lomanga. Miyala wamba inkachokera ku Kent, koma yosema bwino ya m'makona ndi m'mazenera ankaiwolotsa pa nyanja kuchokera ku Caen, kwawo kwa William. Osenza miyalayo ndiye anali eni dziko. Buku lakale la mbiri ya Angelezi, polemba za chaka cha 1097, limadandaula kuti anthu a m'madera ozungulira London ankakakamizidwa kukamanga mpanda wa nsanjayo. Kwathu kuno ntchito yotere tili nalo dzina lake, thangata. William anamwalira mu 1087 asanaione itatha. Inamalizidwa cha m'ma 1100, ana ake akulamulira.

Kutalika kwake ndi mamita pafupifupi 27, m'litali mamita 36, m'lifupi 32, ndipo makoma ake pansi ndi okhuthala kuposa mamita anayi. Chimene ine chimandiuza zambiri ndi khomo. Silili pansi. Analiika m'mwamba, lofikako ndi makwerero amatabwa oti zikavuta angathe kuwachotsa. Munthu wokhulupirira anthu oyandikana nawo saika khomo pamalo potero.

Dzina loti White Tower linadza mu 1240, Mfumu Henry III atalamula kuti aipake njereza. Henry yemweyo ndi mwana wake Edward I ndi amene anaizunguliza ndi mipanda iwiri, nsanja zina zing'onozing'ono pafupifupi makumi awiri, ndi ngalande yamadzi. Choncho chimene mwana wanu wajambulacho ndi linga lathunthu, ndipo nsanja ya William ili pakati. Muonetsetsenso chithunzicho, chifukwa alendo ambiri amasokoneza ndi Tower Bridge, mlatho wansanja ziwiri umene uli pambali pomwepo. Mlathowo ndi wadzulodzuloli, unatsegulidwa mu 1894.

Mkaidi woyamba anali bishopu, Ranulf Flambard wa ku Durham, amene ankatolera misonkho mwankhanza pansi pa mfumu yapitayo. Anamutsekera mu 1100. Poti anali wachuma, ankaloledwa kuitanitsa zakudya ndi zakumwa zake. Mu Febuluwale 1101 anzake anamutumizira mgolo wa vinyo, m'kati atabisamo chingwe. Bishopu anaitana alonda kuphwando, anawamwetsa mpaka onse ali mkonono, n'kumangirira chingwe pazenera, n'kutsetsereka. Olemba a nthawiyo amati anali wonenepa, anaiwala zovala m'manja moti zikhato zinasupuka, ndipo chingwe chinaperewera, anachita kudzigwetsa. Pansi panali anzake ndi mahatchi. Anathawira ku Normandy. Ndende yoopsa ya England inayamba mbiri yake choncho.

Tsopano tiyeni kumene kunali mizinda yeniyeni.

Zaka zomwezo, likulu la ufumu wa Song ku China linali Kaifeng. Ofufuza mbiri amasiyana pa chiwerengero, ena amati anthu 600,000, ena amati oposa 1 miliyoni, koma ngakhale mutatenga chiwerengero chotsikacho, ma London makumi anayi akanalowamo. Munali misika yausiku, malo odyera ochezera mpaka mbandakucha, nyumba zomwera tiyi, ndi alonda a moto okhala pansanja kuyang'ana utsi. Anthu ankaphikira malasha. Mabuku ankasindikizidwa, ndipo m'chigawo cha Sichuan boma linali litayamba kale kutulutsa ndalama zamapepala m'zaka za m'ma 1020. Ngati mukufuna kuweruza ndi nsanja, Kaifeng nayo ili ndi yake: inamangidwa mu 1049, zaka pafupifupi 30 William asanayambe yake, ya nyumba zosanja 13, yotalika mamita oposa 50. Ndi kawiri kutalika kwa White Tower. Njerwa zake n'zowotcha, zonyezimira mofiirira, moti anthu amaitcha nsanja yachitsulo ngakhale mulibe chitsulo. Ilipo mpaka lero.

Ku Ulaya mzinda waukulu unali Constantinople, umene lero ndi Istanbul, wa anthu mwina 200,000 mpaka 400,000. Asilikali a ku France ndi England opita ku nkhondo za ku Yerusalemu akafika kumeneko ankangoti kukamwa yasa. Pali nkhani yokoma apa: Angelezi ena amene analandidwa malo ndi William anathawira ku Constantinople komweko, n'kukalembedwa ntchito ya ulonda wa mfumu ya kumeneko. Baghdad, womangidwa mu 762, unali utayamba kutsika koma ukadali wa anthu mazana a zikwi, mpaka a Mongol anauwononga mu 1258. Córdoba ku Spain, pansi pa mafumu achisilamu, unafika pachimake cha m'ma 1000. Ku Cambodia, Angkor unali kukula, ndipo kachisi wa Angkor Wat anamangidwa m'zaka zoyambirira za m'ma 1100. Kuno ku Africa kunali Cairo, wokhazikitsidwa mu 969 pambali pa mzinda wakale wa Fustat. Pamene Mansa Musa wa ku Mali ankadutsa kumeneko ndi golide wake mu 1324, Cairo unali m'gulu la mizinda yaikulu kwambiri kunja kwa China, wa anthu mwina theka la miliyoni.

Wolingana ndi London wa William tili naye pafupi. Great Zimbabwe, pafupi ndi Masvingo, unayamba kumangidwa m'zaka zomwezo za m'ma 1000 ndi 1100, ndipo pachimake chake, cha m'ma 1300, ambiri amati munkakhala anthu 10,000 kapena kupitirirapo. Nawonso uli ndi nsanja yake yamiyala, yozungulira, ya mamita pafupifupi khumi, yosanjidwa popanda matope kapena simenti. M'mabwinja ake anapezamo mbale za ku China ndi mikanda yobwera kudzera kugombe la Indian Ocean. Azungu atafika kumeneko m'zaka za m'ma 1800 anakana kuti munthu wakuda angamange zotere, pamene mzinda wawo womwe pa nthawi ya William unali wa msinkhu womwewo.

Ziwerengero zakalezi zimasiyana chonchi chifukwa kalembera wa munthu mmodzimmodzi kunalibe. Ofufuza amayeza kukula kwa malo a m'kati mwa mpanda, amawerenga mabuku a msonkho, kapena kuchuluka kwa tirigu ndi mpunga wolowa mumzinda pa chaka. Ku China zimapepukako popeza boma linkalemba mabanja. Mukaona wina akunena chiwerengero cha mzinda wa m'ma 1100 mpaka kumapeto kwake, ngati anachita kuwerenga mitu, musamukhulupirire. Koma kusiyana kwa 15,000 ndi 600,000 n'kwakukulu moti palibe kulakwitsa kwa masamu kungakufafanize.

Chifukwa chake n'chakudya, ndipo inu a ku Ntcheu mukuchidziwa kuposa ine. Tsiku limene magalimoto a kachewere wa ku Tsangano ndi tomato wa pa Lizulu angaleke kutsika, msika wa Limbe ungaoneke bwanji pakutha pa sabata? Mzinda sulima. Umadya za ena. Kale kunalibe lole kapena sitima yapamtunda, ndipo ngolo ikayenda mtunda wautali ng'ombe zokokazo zimatha kudya zofanana ndi katundu amene zanyamula. Njira yotsika mtengo inali madzi okha. Kaifeng inali pa ngalande zokumba zolumikiza kumpoto ndi minda ya mpunga ya kum'mwera, ndipo ngalawa zinkabwera motsatizana chaka chonse. Cairo inkadya za mtsinje wa Nile. Constantinople inali ndi doko labwino ndi zitsime zikuluzikulu zapansi zosungira madzi. Rome pa nthawi ya Yesu inali ndi anthu pafupifupi 1 miliyoni chifukwa cha tirigu wa ku Egypt ndi kumpoto kwa Africa. Ngalawa zitaleka kubwera, mzindawo unafota mpaka anthu zikwi makumi ochepa, mbuzi zikudya msipu pakati pa zipilala za mafumu. England wa William anali dziko la anthu pafupifupi 2 miliyoni, alimi okolola zochepa. Analibe chodyetsera mzinda waukulu.

London unakula pang'onopang'ono, nsanja ikuonerera. Pofika 1300 munali anthu mwina 80,000. Mafumu ankasungamo zida, chuma, ndi malo osulira ndalama. Ankasungamonso nyama. Mu 1252 mfumu ya ku Norway inatumizira Henry III chimbalangondo choyera cha kumadzi oundana. Akuluakulu a mzinda atalamulidwa kulipira chakudya chake anaona kuti ndalama ikupita, ndipo kunagulidwa unyolo ndi chingwe chachitali kuti chizikasambira mu Thames n'kumadzigwirira nsomba. Mu 1255 Louis IX wa ku France anatumiza njovu ya ku Africa. Anthu anakhamukira kudzaona chinyama chimene anali asanachionepo, anaimangira nyumba yakeyake, koma m'dziko lozizira lija siinathe zaka zitatu. Nyama zinakhala zikusungidwa m'lingamo mpaka m'zaka za m'ma 1830, pamene anazisamutsira ku London Zoo.

Mu 1348 kunagwa mliri umene unapha mwina theka la anthu a mumzindawo. Antchito atachepa, otsalawo anayamba kufuna malipiro abwino, boma n'kuwakaniza, kenako n'kuwaikira msonkho wa pamutu. Mu Juni 1381 alimi a ku Kent ndi Essex anaguba kulowa mu London. Mfumu Richard II, mnyamata wa zaka 14, atatuluka kukakambirana nawo, gulu lina linalowa m'lingamo popanda wolitsekereza. Linakapeza Simon Sudbury, mkulu wa mabishopu wa ku Canterbury amenenso anali nduna yaikulu ya boma, akupemphera m'kachapelo ka m'kati mwa White Tower. Anamukokera panja n'kumudula mutu pa Tower Hill. Makoma a mamita anayi aja sanathandize kanthu, popeza alonda ake analibe mtima womenya.

Mbiri yoopsa imene alendo amaikonda ndi ya pambuyo pake. Mu 1483 ana awiri achifumu, Edward V wa zaka 12 ndi mng'ono wake Richard wa zaka 9, anasungidwa m'lingamo ndi bambo awo aang'ono, amene anadzakhala Mfumu Richard III. Ankaoneka akusewera pabwalo, kenako ankangooneka pazenera, kenako zii. Mu 1674 amisiri akugwetsa makwerero anapeza mafupa a ana awiri, ndipo anakawaika ku Westminster Abbey. Henry VIII anadulitsa mitu ya akazi ake awiri momwemo, Anne Boleyn mu 1536 ndi Catherine Howard mu 1542. Mwana wa Anne, Elizabeth, naye anatsekeredwamo mu 1554 asanakhale mfumukazi. M'nsanja ina yotchedwa Beauchamp, makoma ndi odzaza ndi mayina ndi zizindikiro zimene akaidi anagoba pamwala, zina zosema mwaluso moti munthu umaona kuti wosemayo nthawi anali nayo yambiri. Komabe anthu ophedwera m'kati mwenimweni mwa linga ndi ochepa kuposa mmene anthu amaganizira, 22 basi, ndipo theka la iwo ndi akazitape a pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Ambiri ankaphedwera panja, pa Tower Hill, khamu likuonerera. Womaliza kuphedwera m'lingamo anali kazitape wa Germany, Josef Jakobs, amene anawomberedwa mu Ogasiti 1941.

Mwana wanu ayenera kuti anaonanso akhwangwala, akuluakulu, akuda bii, opanda kolala yoyera ngati athu kuno. Alonda amauza alendo kuti mbalamezi zikadzachoka ufumu udzagwa, choncho amasunga zosachepera zisanu ndi imodzi n'kumazidula nthenga pang'ono. Amati ndi mwambo wamakedzana, koma umboni wa akhwangwala oweta kumeneko umayambira m'zaka za m'ma 1800. Angelezi nawo amadziwa kukometsa nthano.

Nthawi imene inu mukanawina mkanganowu inafika mochedwa. Mu 1600 London unali ndi anthu pafupifupi 200,000, mu 1700 oposa theka la miliyoni. Ngakhale pamenepo Beijing ndi Edo, umene lero ndi Tokyo, inali patsogolo, ndipo Edo inafika 1 miliyoni m'zaka za m'ma 1700. Kalembera woyamba wa Britain, mu 1801, anapeza anthu pafupifupi 1 miliyoni mu London. Cha m'ma 1825 mpaka 1830 unapitirira Beijing, ndipo pofika 1900 unali ndi anthu oposa 6 miliyoni, chinthu chimene dziko linali lisanaonepo. Vuto lija la chakudya linali litathetsedwa ndi malasha, sitima zapamtunda ndi zapamadzi, ndi maiko olamulidwa: tirigu wa ku America, tiyi wa ku India, nyama ya ku Australia ndi Argentina. Mu 1891, pamene Britain inalengeza kuti dziko lathu lino lili pansi pa chitetezo chake, chikalatacho chinachokera mumzinda waukulu kuposa yonse padziko. Patali ndithu ndi masiku a William, zaka 800.

Kukula kumeneko kunali ndi fungo lake. Ngalande yozungulira linga ija inasanduka dzala la zonyansa, asilikali akudwala, mpaka mkulu wa lingalo, Duke of Wellington, analamula kuti aiphwetse m'zaka za m'ma 1840. Kolera anapha anthu zikwizikwi. Mu 1854 dokotala John Snow anatsata odwala nyumba ndi nyumba mpaka anapeza kuti gwero lake ndi mjigo umodzi wa mu Broad Street. M'chilimwe cha 1858 mtsinje wa Thames unanunkha moti aphungu ankavutika kukhala m'nyumba ya malamulo, ndipo apo m'pamene ndalama zokumbira mipaipi ya zonyansa zinapezeka msanga. Sitima yoyamba yapansi panthaka inayamba kuyenda mu 1863.

Chuma cha ufumu umenewo china chili m'lingamo mpaka lero. Pa ndodo yachifumu pali dayamondi wa makarati 530, chidutswa cha mwala wa Cullinan umene unakumbidwa pafupi ndi Pretoria mu 1905, wolemera makarati 3,106 usanadulidwe. Chidutswa chachiwiri chili pa chisoti chachifumu. Ku South Africa alipo ambiri amene amati miyalayo ibwerere, monganso Amwenye amanenera za dayamondi wina wotchedwa Koh-i-Noor.

London unakhala pampando zaka pafupifupi 100. Cha m'ma 1925 New York anaulanda, ndipo m'zaka za m'ma 1950 Tokyo inapitirira New York, ngakhale kuti inali itagwa ndi chivomezi mu 1923 n'kupsanso ndi mabomba mu 1945.

Funso lanu lomaliza likhoza kuyambitsa mkangano wina pabawopo, chifukwa yankho limadalira pamene mwalemba malire. Taganizani za Blantyre. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 800,000 mumzindawo, ndipo Lilongwe pafupifupi 1 miliyoni. Nanga munthu wogona ku Lunzu kapena ku Chileka, amene amakwera minibasi m'mamawa uliwonse kukagwira ntchito m'tauni, ndi wa mumzinda kapena ayi? Pa mapu a khonsolo ambiri otere ndi akunja, koma pa msewu wa Magalasi nthawi ya 7 koloko ndi a mumzinda ndithu.

Mizinda ikuluikulu ili ndi vuto lomwelo. Tokyo mukawerenga chigawo cha boma lake ndi anthu pafupifupi 14 miliyoni, koma mukaphatikiza Yokohama, Kawasaki, Saitama ndi Chiba, kumene nyumba zinalumikizana popanda munda pakati, mumafika 37 miliyoni. Chongqing ku China pa pepala ili ndi anthu oposa 30 miliyoni, koma malire ake ndi a masikweya kilomita 82,000, kuyandikira mtunda wonse wa Malawi mutachotsa nyanja, ndipo ambiri mwa malowo ndi mapiri ndi minda. Ine sindiutcha mzinda umodzi umenewo. London womwewo uli ndi nthabwala yake: chigawo chakale chimene mwalamulo chimatchedwa City of London pa kalembera wa 2021 chinali ndi anthu ogonamo osakwana 10,000, ochepa kuposa a nthawi ya William, pamene London yense anali ndi pafupifupi 9 miliyoni. Nsanjayo mwalamulo ili kunja kwa City, m'chigawo cha Tower Hamlets.

Bungwe la United Nations mu lipoti lake la 2018 linaika Tokyo patsogolo ndi 37 miliyoni, Delhi 29 miliyoni, Shanghai 26 miliyoni, kenako São Paulo ndi Mexico City pafupifupi 22 miliyoni uliwonse. Mu Novembala 2025 bungwe lomwelo linasintha kawerengedwe. M'malo modalira malire amene boma lililonse limapereka, linayeza maiko onse ndi muyeso umodzi, wa kuthithikana kwa anthu pamalo olumikizana. Mndandanda unatembenuka: Jakarta ku Indonesia pafupifupi 42 miliyoni, Dhaka ku Bangladesh pafupifupi 37 miliyoni, Tokyo 33 miliyoni, Delhi 30 miliyoni. Mwa mizinda khumi yoyamba, isanu ndi inayi ndi ya ku Asia, ndipo umodzi wotsalawo ndi Cairo. Mizinda ya anthu oposa 10 miliyoni inali 8 mu 1975, pofika 2025 inali 33, kuphatikizapo Lagos ndi Kinshasa. Choncho wina akati Tokyo, wina Jakarta, onse ali ndi pogwira. Ine ndingatsatire muyeso watsopanowu chifukwa suyang'ana nkhope, ndipo ndingati Jakarta. Anthu a mumzinda umodzi umenewo ndi pafupifupi kawiri Amalawi tonse.

Mukayang'ana mndandandawo muona kuti zinthu zabwerera kumene zinali pa nthawi ya William, ku Asia ndi ku Cairo. Zaka za London ndi New York zinali ngati kupatuka kwa kanthawi. Koma Kaifeng sinabwerere. Mu 1127 ankhondo a mtundu wa Jurchen anaulanda n'kutenga mfumu ndi bambo ake ukapolo, otsala a banja lachifumu n'kuthawira ku Hangzhou, umene unadzakhala mzinda waukulu m'malo mwake. Mtsinje wa Yellow River unasefukira mobwerezabwereza, koopsa mu 1642 pamene makoma otchinga madzi anagumulidwa dala pa nkhondo, ndipo mzinda wa mafumu a Song lero uli mamita angapo pansi pa matope, wina atamangidwa pamwamba pake. Jakarta nayo ikumira pang'onopang'ono chifukwa chopopa madzi apansi mopitirira, ndipo mu 2022 Indonesia inakhazikitsa lamulo losamutsira likulu ku Nusantara, pa chilumba cha Borneo.

Kuti mnzanuyo asanyade kwambiri, ndi kuti inunso muone ndi maso, mupempheni mwana wanu akadzapumanso ntchito akakujambulireni zinthu ziwiri. Choyamba aime m'mbali mwa mtsinje, ajambule White Tower pamodzi ndi nyumba yagalasi yosongoka ya tsidya lina yotchedwa The Shard, ya mamita 310, kutalika kwa nsanja ya William kakhumi ndi kamodzi. Chachiwiri, potuluka pa siteshoni ya Tower Hill pali chigawo cha mpanda wa Aroma chimene chikadali chiimire, chokhala ndi mizere ya njerwa zofiira chakumunsi. Ayambire pamenepo, atsate kumene mpandawo unkadutsa, ku Aldgate, Bishopsgate, Moorgate, Newgate, mpaka atsikirenso kumtsinje ku Blackfriars. Ndi makilomita atatu ndi pang'ono. London yense amene William ankamuopa uja anali m'kati mwa mzere umenewo, minda ya ndiwo ndi makola omwe, ndipo namwino wozolowera kuyenda m'mawodi auzungulira ola lisanakwane.